Nambala ya katundu wanga yathera pa SG, abwera ndi ndani?

Bambo a Tadala, Senga Bay:
Akuluakulu ndithandizeni nzeru. Mwezi watha ndinagula ka controller ka sola pa intaneti kwa munthu wa ku China, kotchajira mabatire a nyali za ku usipa, kakale kaja kanapsa moti anyamata akumalowa m'madzi ndi nyali ziwiri zokha, usipa wake wongokwana ndiwo basi. Wogulitsayo ananditumizira tracking number, koyambirira kuli zilembo RB, kenako manambala 9, kumapeto SG. Pandisokoneza mpomwepo, katundu wa ku China SG yo ikudzatani? Nanga akafika ku Malawi kuno abwera ndi a positi kapena a DHL? Kuchoka kunyanja kuno kukafika ku boma ndi ndalama, sindingamangokwera galimoto kukafunsa chabe.

A Gogo Chisale, Kamuzu Road:
Bambo a Tadala mtima m'malo, nambala yanuyo ndi ya positi. Mukaona zilembo ziwiri, manambala 9, kenako zilembo ziwiri, zonse pamodzi 13, dziwani kuti katunduyo akuyenda m'manja mwa ma positi a mayiko, ndi kalembedwe kamene anagwirizana ku bungwe la Universal Postal Union lomwe likulu lake lili ku Bern, Switzerland, iwo amakatcha S10. Zilembo zakumapetozo zimanena positi imene inapereka nambalayo osati kwawo kwa wogulitsa ayi, CN ndi China, GB ndi UK, ZA ndi South Africa, MW ndi ifeyo, ndiye SG yanuyo ndi Singapore. Amalonda ambiri a ku China amaunjika timaphukusi tambirimbiri nkukatiponyera ku positi ya dziko lina, nchifukwa chake ena amaona NL ya ku Netherlands pomwe anagula ku China komweko. Sanakupusitseni.
Chilembo choyamba nacho chili ndi nkhani. R ndiye kuti registered, mudzasayina polandira. E ndi EMS, yachangu ija. C ndi phukusi lalikulupo. Ikayamba ndi U musavutike nkuyang'ana pa foni m'mawa uliwonse, imeneyo kawirikawiri salemba paliponse pamene yadutsa. Ndiye yanuyo ayamba nayo ndi a Singapore Post, kuno amalize ndi a Malawi Posts Corporation.

Mayi a Shakira, Dwangwa:
Zoona zimene anena agogozi. Ine achemwali anga ali ku Leeds amanditumizira zinthu, ikakhala ya positi imathera pa GB ndipo ndimakatenga ku positi ofesi ndi chiphaso changa. Koma ulendo wina anatumiza mapepala a sukulu ya mwana, nambala yake inali manambala 10 okhaokha opanda chilembo ngakhale chimodzi, ine osadziwa ndinakwera kabaza dzuwa lili pamutu mpaka ku positi, ndafika kalaliki wangoyang'ana ka pepala kanga nkundiuza mwaulemu kuti mayi iyi si yathu, ndi ya DHL. Anandiuzanso kuti ikayamba ndi 1Z ndi ya UPS. Makampani amenewo amanyamula okha, katundu wawo salowa m'thumba la positi, amakuyimbirani pa nambala imene wotumiza analemba, ndiye foniyo izikhala yoyaka.

Mjomba wa pa Chipoka:
Achimwene ikani nambalayo pa webusayiti yolondolera katundu ya 17TRACK, imazindikira yokha kuti ndi positi iti, kenako muyikenso pa webusayiti ya Singapore Post mufananize. Koma kopani bwinobwino, nambala yomaliza mwa 9 zija ndi yotsimikizira zinzake 8 zo, mukaphonya imodzi yokha makina akhoza kuikana inu nkumaganiza kuti akuberani. Ikalemba kuti katundu wachoka m'dziko lotumiza nkukhala phee masiku angapo musadabwe, amakhala akudikira malo mu ndege. Akafika kuno a MRA amayamba aona kaye, zamagetsi ngati zimenezo mwina adzafuna msonkho, sungani risiti yogulira ndi kandalama pambali.

Bambo a Tadala, Senga Bay:
Zikomo kwambiri agogo, amayi ndi inu mjomba, mwandimasula. Ndayika pa 17TRACK yaonetsadi Singapore Post ndipo akuti kanachoka kumeneko sabata yatha. Pa adiresi ndinalemba bokosi la positi la tchalitchi chathu, ndawauza kale abusa kuti akapeza ka pepala ka dzina langa andiyimbire. Funso lina agogo, popeza ndi R, mlamu wanga amene amapita ku boma Lachisanu lililonse kukagulitsa usipa wouma angakanditengere nditampatsa chiphaso changa, kapena mpaka ndikasayine ndekha?