Kodi mabuleki akuluakulu a galimoto yothamanga ndi oyenera kugula?

Mwini Galimoto: Akuluakulu, ndikupempha nzeru. Ndili ndi galimoto yothamanga ya zitseko ziwiri imene ndimayendera tsiku ndi tsiku, koma mwa apo ndi apo ndimapita nayo kubwalo la mipikisano. Kumeneko ndikazungulira kangapo motsatizana, chopondera buleki chimafewa mpaka kutsala pang'ono kugunda pansi. Ndikulingalira zogula seti yonse ya mabuleki akuluakulu a kampani ya Brembo kapena AP Racing, yokhala ndi madisiki aakulu ndi makalipa (zitsulo zopana disiki kuti galimoto iime) a mapisitoni 4. Kodi phindu lake likufanana ndi ndalama zake?

Makaniko: Achimwene, musanatulutse ndalama, dziwani kuti zimene mwafotokozazi zikuloza ku mafuta a mabuleki. Chopondera chikafewa, nthawi zambiri ndiye kuti mafutawo awira ndipo m'mapaipi mwalowa nthunzi, imene imapanikizika mosavuta pamene mafuta sapanikizika. Koma chopondera chikakhala cholimba, galimoto n'kumapitirirabe, pamenepo ndi mapadi, tizidutswa tokhula disiki, amene apsa. Mafuta atsopano a mtundu wa DOT 3 amayenera kupirira madigiri Celsius 205 osawira, a DOT 4 madigiri 230, ndipo a DOT 5.1 madigiri 260. Vuto lake n'lakuti mafutawa amayamwa chinyontho, moti a DOT 4 akakalamba amatha kuwira pa madigiri 155 okha. Munawasintha liti?

Mwini Galimoto: Akadali amene ndinaigula nawo, bambo.

Makaniko: Ndiye yambirani pamenepo. Muthire atsopano a DOT 4 opirira kutentha kwambiri, muike mapadi olimba, ndipo ngati mukufuna, musinthe mapaipi a labala ndi okutidwa ndi waya, amene satupa mukaponda mwamphamvu. Musayerekeze kuthira DOT 5, chifukwa ndi ya silikoni ndipo sisakanizika ndi enawo.

Wokonda Mipikisano: Ndikugwirizana ndi a makaniko pa za mafuta, koma ndikuona kuti akuipeputsa seti yaikuluyo. Mabuleki amasandutsa liwiro kukhala kutentha, ndipo liwiro likawirikiza kawiri, kutentha kumawirikiza kanayi. Munthu amene akutsika kuchoka pa makilomita 200 pa ola, pakona iliyonse, kwa mphindi 20, amafunika disiki yokhala ndi chitsulo chambiri chosunga kutenthako ndiponso mipata yabwino yodutsa mpweya. Ndi nkhani yomweyi ya kutentha imene inathandiza galimoto ya Jaguar C-Type kupambana mpikisano wa ku Le Mans, ku France, mu 1953 ndi mabuleki a disiki, anzake akulimbana ndi a ng'oma. Mapadi olimba pa disiki yaing'ono amangoidya, ndipo mudzakhala mukugula madisiki pafupipafupi.

Mayi Woyendetsa: Ine funso langa ndi la mumsewu, poti mwiniwake wanena kuti n'kumene galimotoyo imakhalitsa. Kodi mwana atadumphira kutsogolo kwake, seti imeneyi ingaimitse galimoto msanga kuposa mabuleki amene alipowa?

Makaniko: Ayi, mayi, kusiyana kwake n'kochepa kwambiri. Ngati mabuleki amene alipo amatha kudzutsa ABS, makina oletsa matayala kukwekwereza, mukaponda mwamphamvu, chopondera n'kumanjenjemera kuphazi, ndiye kuti mphamvu yawo yaposa kale mmene matayala angagwirire msewu. Chimene chimafupikitsa mtunda woimira ndi tayala labwino. Komanso seti yosasankhidwa bwino imasokoneza kugawana kwa mphamvu pakati pa kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo galimoto ikhoza kuima patali kuposa kale.

Mayi Woyendetsa: Ngati zili choncho, ine ndalamazo ndingagulire matayala. Ndaonanso anthu akuika mapadi a mpikisano pa galimoto yopitira kuntchito, kenako n'kumadandaula kuti amalira pamaloboti, amadetsa marimu ndi fumbi lakuda, ndipo m'mawa kukuzizira sagwira bwino.

Wokonda Mipikisano: Zimenezo n'zoona, ndipo pali ndalama zina zimene ogulitsa satchula msanga. Kalipa yaikulu nthawi zambiri silowa m'marimu aang'ono, choncho mungafunike marimu ena ndi matayala ake, ndipo tayala lapadera lija mwina silingakwanenso kutsogolo. Madisiki obooledwa amaoneka bwino, koma akatentha mobwerezabwereza amayamba ming'alu m'mbali mwa mabowo, n'chifukwa chake ambiri a kubwalo amakonda a mizere. Ngakhale zili choncho, munthu wopita kubwalo mwezi ndi mwezi, ine ndimamuuza kuti agule.

Mwini Galimoto: Ine ndimapitako mwa kamodzikamodzi, choncho ndiyamba ndi mafuta, mapadi ndi matayala, seti ija idikire kaye. Koma bambo makaniko, mapadi atsopanowo ndingangowaika n'kupita nawo kubwalo?

Makaniko: Ayi, muyambe mwawazoloweretsa pa disiki. Pamalo opanda anthu, thamangani pang'ono n'kuponda mwamphamvu mpaka liwiro litsike kwambiri koma osaima, mubwereze kangapo, kenako muyende osaponda kuti azizire. Musaime mutapondereza buleki madisiki ali amoto, chifukwa padi imasiya chidindo pa disiki ndipo chiwongolero chimayamba kunjenjemera mukamaponda.