Bougainvillea wanga sakuchita maluwa, ndikulakwitsa pati?

NaPhiri wa ku Chilomoni:
Abale ndithandizeni. Zaka 2 zapitazo ndinabzala bougainvillea m'mbali mwa mpanda wa njerwa, kuseri kwa nyumba pafupi ndi mtengo wa mango. Ndimathirira m'mawa ndi madzulo, zitosi za nkhuku sindiumana. Masamba ali biriwiri, koma duwa ngakhale limodzi ayi. Pomwe ukadutsa ku Sunnyside kapena ku Namiwawa mwezi uno wa Seputembala, mipanda yafiira kuti psuu. Chinanso, nthambi sizikukwera khoma, zikungogwera pansi. Kodi anandigulitsa mtundu wachabe?

Agogo a Maluwa:
Mayi, mtunduwo ulibe mlandu, mwaulera mwachisasati. Chomerachi chimafuna dzuwa la tsiku lonse, ndiye inu mwachiika pamthunzi wa mango. Madzi ambiri ndi zitosi zimangochulukitsa masamba. Mwaona kuti chimakongola kwambiri m'chilimwe, udzu utauma? Lekani manyowa, muzithirira pokhapokha dothi likauma ndithu, ndipo mudulire nthambi za mango zikuphimbazo. Kuzula kuti mukabzale pena sindingakulangizeni, mizu yake sichedwa kufa ikasunthidwa. Ndi bwino kudula kanthambi kokhwima, kotalika ngati pensulo, n'kuzika m'chubu.

Mphunzitsi wa ku Soche:
Ndiwonjezere pa za khomalo. Bougainvillea alibe timanja tokulungiza ngati ta maungu, komanso samamatira pa njerwa. Amakwera pokola zinthu ndi minga yake, yomwe imamera pamene tsamba lalumikizana ndi tsinde. Ndiye pakhoma losalala akola chiyani? Kokani waya mizere itatu, mumangirire nthambizo zikadali zanthete, chifukwa zikakhwima zimauma gwa ngati mtengo.

Ana a Fomu 2 ndimawadabwitsa ndi ichi: zofiira kapena zapepo zija si maluwa ayi, ndi masamba osintha mtundu, opyapyala ngati pepala. Thyolani chimodzi muone bwinobwino. Amakhala atatu, ndipo pakati pawo pali timaluwa titatu tating'ono, toyera, tokhala ngati kalipenga. Duwa lenileni ndi limenelo.

Kwawo ndi ku South America. Katswiri wa zomera wa ku France, Philibert Commerson, anachipeza ku Brazil mu 1767, n'kuchitcha dzina la mkulu wa ulendo wawo wapanyanja, Louis Antoine de Bougainville.

Bambo a Tadala:
Aphunzitsi mwaiwala kuchenjeza za mingayo. Ine ndinadulira wanga ku Chirimba nditavala patapata, munga unalowa chidendene, sabata yathunthu ndikutsimphina. Mipira ya ana iwiri inaphulikira pomwepo. Koma wakuba sayerekeza kulumpha mbali imeneyo.

NaPhiri wa ku Chilomoni:
Zikomo nonse. Waya ndikagula Loweruka ku Limbe. Vuto latsala ndi mangoyo, chifukwa abambo akunyumba akamva zodula nthambi pomwe yayamba kale maluwa, kukhala nkhani.