Gulu la Chitukuko cha Kwathu ku Chipata: malo opumulirako alendo pa Kanjala

A Banda, mlembi: Akuluakulu, ganizo lafika loti tipemphe ndalama za CDF (thumba la boma la chitukuko cha m'dera la phungu), timange malo opumulirako alendo m'tsinde mwa phiri la Kanjala: zipinda zosisitira thupi, kofukizira nthunzi ndi dziwe la madzi otentha. Chichokereni mliri wa Covid-19, alendo opita ku Mfuwe, khomo la paki ya nyama ya South Luangwa, amangothira mafuta pano n'kumapita. Mukutipo bwanji?

A Jere: Tiyambe taona kuti mlendoyo ndani. Azungu a madola ambiri amakwera ndege ku Lusaka n'kukatera ku Mfuwe, Chipata samuona n'komwe. Athu ndi olowera pa Mwami kuchokera ku Lilongwe, a misonkhano m'mahotela, ndi khamu la miyambo ya Nc'wala mu February ndi Kulamba mu August. Mitengo ikhale ya kwacha.

Amai Phiri: A Jere anena zoona, ndiye tisamange chinyumba. Zipinda ziwiri zikwana. Chimene chimagwetsa malo otere ndi madzi. Munthu mmodzi amatha matawulo atatu, ndipo tawulo la mafuta likachapidwa ndi madzi ozizira limayamba kununkha chiwisi, mlendo sabweranso. Pafunika mjigo wolembetsedwa ku WARMA (bungwe la boma loyang'anira madzi), thanki ya malita 5,000 ndi giza ya sola, poti tonse tinaona mmene magetsi anavutira mu 2024. Mafuta a nsawawa ayi, ngakhale tili nazo zochuluka, chifukwa ena amatupa nawo mpaka kubanika. Tigwiritse a mpendadzuwa kapena a malambe, m'mabotolo akuda, pang'onopang'ono, chifukwa amasasa ndi kutentha.

A Tembo: Dziwelo lichoke pa pulani. Ku akasupe a Chinyunyu madzi amatuluka pansi ali otentha kale, ife tidzawotcha ndi ndalama. Ndiponso madzi oima pa madigiri 38 mpaka 40 amaswetsa tizilombo msanga ngati klorini sakuyezedwa tsiku ndi tsiku. Kufukiza ndikuvomera, koma mbaula ya makala ikhale panja, nthunzi yokha ilowe ndi paipi. Makala m'chipinda chotseka amapha mwakachetechete. Mphindi 15 basi, ndipo amai oyembekezera ndi a BP asalowe. Pa chikwangwani tisalembe kuti tikuchiza matenda.

A Jere: Nanga phirilo? Kuyenda pansi poona nyama ndiko kunatchukitsa Luangwa kuyambira nthawi ya Norman Carr, amene anayambitsa maulendo otere kumeneko. Njira yokwera m'mamawa, mabenchi ndi chimbudzi, n'zotsika mtengo kuposa zonsezi. Mu October kuchigwa cha Luangwa kutentha kumapitirira madigiri 40, obwerera kumeneko adzakondwa ndi kamphepo ka kuno.

A Zulu: Za ndalama mukupepusa. Pempho la CDF limayambira ku WDC, komiti ya chitukuko ya wadi, komwe likapikisana ndi madesiki ndi zipatala. Silingapambane, ndipo sindingawadzudzule a komitiyo. Tilembetse kopaletivu, tipemphe ngongole ya magulu, ndipo achinyamata anayi apite kukaphunzira kusisita pa basale ya maluso. Osaphunzira amathyola anthu misana. Chilolezo cha Zambia Tourism Agency (bungwe la boma loona zokopa alendo) ndi cha khonsolo zikhalepo tisanatsegule.

Amai Phiri: Makampu ena a alendo akutchire ku Luangwa amatseka nthawi ya mvula, antchito odziwa kusamala alendo amakhala pakhomo. Tiwaitane atiphunzitsire ana athu.

A Banda, mlembi: Dziwe lachotsedwa. A Zulu, mubwere ndi mafomu a kopaletivu Loweruka. A Tembo, mukafunse kukhonsolo mwini wa malowo.