Ndigule pampu yayikulu kapena ndisinthe paipi?

Wadimba: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Pampu yanga imakankha madzi pa paipi yapulasitiki ya HDPE ya 32mm, mtunda wa mamita 300, kukathira mu thanki yomwe ili mamita 15 pamwamba pa pampuyo. Ndimafuna malita 3,600 pa ola koma kuthanki madzi akungotuluka pang'onopang'ono. Wogulitsa akuti ndigule pampu yamphamvu kawiri. Ndigule?

Pulambala77: Musagule kaye achimwene. Vuto lanu ndi paipi. Ya 32mm ija mkati mwake ndi pafupifupi 28mm basi, poti 32 amayeza kunja. Malita 3,600 pa ola ndi lita imodzi pa sekondi. Ndawerengera ndi Hazen-Williams, fomula yopezera mphamvu yotayika m'paipi, C (nambala ya kusalala kwa paipi) ndaika 150 monga timachitira ndi mapaipi apulasitiki: madzi akamakhuzana ndi khoma la paipiyo mukutaya head (mphamvu yokankha madzi, yoyezedwa m'mamita okwera) ya mamita pafupifupi 30. Onjezani 15 aja, pampu yanu ikulimbana ndi mamita 45. Mutaika ya 50mm, yomwe mkati mwake ndi pafupifupi 44mm, zotayikazo zitsika kufika mamita atatu ndi theka. Pampu yomweyo izingoona mamita 18 kapena 19.

Wadimba: Kuchoka 30 kufika atatu? Kusiyana kwa mapaipiwo si kwakukulu chotero.

Pulambala77: Ndi pamene anthu ambiri amapusitsika. Mu fomula ija kukula kwa bowo kumakwezedwa ku mphamvu ya 4.87. Mukakulitsa bowo kawiri, zotayika zimachepa pafupifupi ka 29. Pomwe mukafuna madzi ochuluka kawiri pa paipi yomweyo, zotayika zimakwera ka 3.6. Ndiye pampu yayikuluyo mphamvu yake yambiri izithera m'paipi momwemo, inu n'kumalipira magetsi tsiku ndi tsiku.

MaiEsinjiniya: Masamuwo ndikuvomereza, koma bambo Pulambala mukuyankhula ngati mamita 300 amadzikumba okha. Kufukula ngalande yonse, kugula mpukutu watsopano, zolumikizira, mavavu, zonsezo ndi ndalama ndi masiku. Pampu mumangomasula yakale n'kumanga yatsopano, madzulo madzi akutuluka. Ngati munthu amapopa ola limodzi patsiku, magetsi owonjezerawo sangafike mtengo wa paipi msanga.

Pulambala77: Mayi, pampu yamphamvu kawiri sipereka madzi kawiri pa paipi imeneyo. Onani curve yake, chojambula chosonyeza madzi omwe imapereka pa head iliyonse. Kuti mupeze malita awiri pa sekondi pa 28mm, zotayika zokha zipitirira mamita 100, ndipo paipi ya PN10 malire ake a presha ndi 10 bar, omwe ndi mamita 100 omwewo. Zolumikizira ziyamba kudontha.

MaiEsinjiniya: Iye sanati akufuna malita awiri, akufuna imodzi. Pampu yopereka lita imodzi pa mamita 45 si chilombo ayi. Koma funso langa kwa a Wadimba ndi lina: malita 3,600 pa olawo mukuwafuniranji? Thanki ilipo kale. Mukapopa theka la lita pa sekondi, zotayika pa paipi yanu yomweyo zikhala mamita 8 okha. Muzipopa maola owirikiza, osagula kanthu.

Wadimba: Ndi ya sola mayi, dzuwa silindidikira.

MaiEsinjiniya: Aa, mukanayamba ndi zimenezo. Pa sola pampu yayikulu imabwera ndi mapanelo enanso, mwinanso controller (chipangizo choyendetsa pampu) ina. Pamenepo paipi yapambana.

Chikonda_M: Nonse mwathamangira kugula. Gulani geji ya presha, kanthu kakang'ono, muyike potulukira pampu. Ikawerenga pamwamba koma kuthanki madzi ochepa kuposa momwe masamu akunenera, pali chotseka: mpweya wotsekeredwa pamalo okwera, paipi yopindika m'nthaka, kapena vavu yosatseguka yonse. Ikawerenga pansi ndipo madzi ndi ochepa, pampuyo ndiye yatopa kapena ikukoka mpweya. Hazen-Williams saona paipi yopindika. Ndipo wina asakugulitseni pulogalamu ya pa kompyuta yowerengera mapaipi, ya EPANET ndi yaulere, ngakhale pa paipi imodzi Excel ikukwana.

Wadimba: Nanga ya 40mm? Ndiyotsikirako mtengo.

Pulambala77: Mkati mwake ndi 35mm, mutaya mamita 10. Igwira ntchito. Koma ngalande ndi yomweyo, okumba ndi omwewo, ndiye ine ndikanaika 50.

MaiEsinjiniya: 40 ikukwana ngati dimbalo simulikulitsa. A Wadimba, tumizani chithunzi cha kachitsulo kolembedwa ka pa pampu yanu, tione head ndi flow (kuchuluka kwa madzi omwe imapereka) yake tisanapitirize kukangana.