Gulu la banja: za kuyezetsa Ababa

Amayi: Ana anga, ndi inu alamu, mwaswera bwanji? Zotsatira za magazi a bambo anu zatuluka. Akuti magazi achepa, ali pa 9, pomwe mwamuna amafunika 13 kapena kuposa. Adokotala akuganiza kuti penapake m'mimba pakuchucha magazi pang'onopang'ono, ndiye atchula zolowetsa kamera, ina kukamwa ina kumusi. Ati tikawayankhe Lachinayi. Ine tulo sindinatione.

Achimwene: Amayi, choganizira palibe apa. Ayezedwe basi, za ndalama musadandaule. Nanga ikakhala khansa?

Achemwali: Achimwene, papita miyezi isanu musanawaone. Sindikukunenani ayi, ntchito ndikuidziwa. Koma Ababa pano sadziwanso kuti supuni ndi yachiyani. Tsiku lotenga magazi lija tinachita kuwagwira anthu atatu, iwo akulira, akuitana amayi awo amene anatisiya kalekale. Masiku awiri otsatira anakana kudya.

Achimwene: Ndiye tingowaonerera?

Alamu: Pepani ndachedwa, ndinali pa shifiti ya usiku. Amayi, ndilongosole mmene zimakhalira ku wadi. Kamera ya kumusiyo, kolonosikopi, siyamba tsiku lomwelo. Dzulo lake munthu amasiya kudya, n'kumwa mankhwala otsegula m'mimba, kawirikawiri malita 2 mpaka 4, kuti matumbo ayere. Usiku wonse ndi ulendo wa kuchimbudzi. Munthu woganiza bwino amapirira chifukwa akudziwa cholinga. Ababa sadzadziwa, adzangoona kuti tikuwazunza. Madzi amatha m'thupi, miyendo imafooka, kugwa n'kosavuta. Kenako pali mankhwala ogonetsa. Anthu a dimenshiya, matenda oiwalaiwala ngati a Ababawa, amasokonezeka mutu mwadzidzidzi mosavuta akagonetsedwa kapena akagonekedwa malo achilendo, ndipo ena sabwereranso pomwe anali.

Achimwene: Nanga sikani?

Alamu: Sikani ya MRI imafuna munthu agone osagwedezeka mphindi 30 kapena kuposa, m'kati mopanikiza, muli phokoso. CT ndi yachangu, komabe funso ndi lomweli: akapeza chotupa, tidzachitapo chiyani? Tidzavomera opaleshoni yodula matumbo? Mankhwala a khansa aja ofoola ngakhale munthu wamphamvu? Ngati yankho lathu ndi ayi, ndiye kuti tawavutitsa kuti ife tingodziwa dzina la matenda.

Azakhali: Mwana wa achimwene, mantha akowo ndikuwamva, nanenso ndili nawo. Bambo akowa ndi mlongo wanga, tinatsala awiri. Koma alamu anga, amayi akowa, ndi amene amawasambitsa, amene amawamwetsa madzi pakati pa usiku. Tiyeni timve kaye iwo.

Amayi: Zikomo alamu. Zaka 46 ndakhala ndi bambo anuwa. Mutu usanayambe kuwasokonekera, titapita kukazonda mnzawo wina ali ndi mapaipi m'mphuno, manja atamumanga kuti asazule, pobwerera anandiuza kuti iwo zimenezo asadzazione. Ndimakumbukira bwino. Chikundivuta ine n'chakuti ndikakana, mwina mudzati ndinatopa nawo.

Achemwali: Amayi musatero 😢 Ndani anganene zimenezo?

Achimwene: Ine sindinaganizepo choncho, Amayi. Kungoti ndili kutali, ndimamva ngati palibe chimene ndikuwachitira.

Chitsiriza: Ndilowererepo pang'ono. Ine ndi amene ndimalongedza mankhwala awo. Amamwa aspirin tsiku lililonse, ndiponso mawondo akamawawa timawapatsa ibuprofen. Adokotala aja akudziwa za ibuprofen? Sali pa pepala lawo, timangogula.

Alamu: Ee, wachita bwino kunena! Awiriwo amatha kunyula chifu mpaka kuchucha magazi, makamaka akaphatikizidwa, makamakanso kwa okalamba. Ibuprofen musawapatsenso mpaka Lachinayi, ululu ukabwera paracetamol ilipo. Aspirin musasiye panokha, adokotala aone kaye chimene anawalembera. Mabotolo onse mupite nawo.

Achimwene: Ndiye m'malo mwa kamera chilipo chochita?

Alamu: Chilipo. Tikafunse za mankhwala oteteza chifu, ngati omeprazole, ndi ayironi wobwezera magazi. Mapilitsi akamavuta kumeza kapena akamawamanga m'mimba, alipo wa dilipi. Pakapita milungu ingapo ayezenso magazi kamodzi, ndipo tipemphe ngati angawatengere pakhomo, Amayi atawagwira dzanja. Tifunsenso za gulu la paliyetivu, aja othandiza kuchepetsa ululu. Sikuti amabwera masiku omaliza okha.

Achemwali: Ayironi uja amadetsa chimbudzi eti? Tidzasiyanitsa bwanji ndi magazi?

Alamu: Cha magazi chimakhala chakuda bii, chomata ngati phula, fungo lake loipa kwambiri. Mukaona chimenecho, kapena asanza magazi, akomoka, akubanika ali chikhalire, musadikire, imbani kuchipatala.

Achimwene: Kunena zoona mtima wanga sunakhazikike. Magazi akatsikanso, nkhaniyi tidzaikambenso, chonde.

Amayi: Tidzaikamba mwanawe. Koma Lachinayi ndikanena kuti kamera ayi. Ndipo iwe, m'malo motumiza ndalama, bwera udzakhale nawo. Dzina lako analiiwala, koma ukalankhula pa foni amatembenuka.

Achimwene: Ndipempha tchuthi mawa. Lachinayi mundiimbire pa vidiyo mukalowa kwa adokotala.

Chitsiriza: Ine ndiperekeza Amayi, mabotolo ndawaika kale m'chikwama. Achemwali mutsala ndi Ababa?

Achemwali: Nditsala. Alamu, mafunso aja mutilembere pano tisakaiwale.

Azakhali: Ine ndifika Lachitatu madzulo, alamu anga agoneko usiku umodzi.