Thandizeni, seva ya imelo pa ofesi pathu ndiyambire pati?

Wofunsa: Akuluakulu, ndathedwa nzeru. Ndimaona za makompyuta pa bungwe lina ku Lilongwe, tili ndi nthambi ku Mzuzu ndi ku Zomba. Mpaka pano aliyense amatumiza makalata a ntchito pa Gmail yake, ndiye otipatsa thandizo adandaula. Abwana akuti mwezi uno usanathe tikhale ndi imelo yathuyathu. Koma abwana omwewo akukana kugula mabatire a UPS (chosunga magetsi akazima), chipinda cha seva anadzazamo makatoni a mafayilo akale, AC inafa kalekale. Amene ndinalowa m'malo mwake anachoka chokwiya osandisiyira kanthu, ndipo malipiro anga ndi a wothandizira chabe. Pali kompyuta yakale imodzi ya Dell yoti ikhale seva. Ndiikemo chiyani?

Mkulu wa Linux: Achimwene, musanamizidwe. Ikanimo mapulogalamu a imelo a pa Linux, Postfix ndi Dovecot basi, kapena Mailcow ngati mukufuna zosavuta. ZAULERE. Makalata anu azigona m'nyumba mwanu.

Mayi wa ku Area 25: Zaulere mpaka magetsi azime Lachisanu madzulo. Pitani pa cloud, imelo azikusungirani a Microsoft 365 kapena Google Workspace, muzigona tulo. Onse awiri ali ndi mitengo yotsika ya mabungwe osapanga phindu, funsani ngati lanu likuyenera.

Mkulu wa Linux: Alipira ndi chiyani mayi? Zimenezo ndi za madola, munthu aliyense mwezi uliwonse. Kwacha inagwa ndi 44% mu November 2023, amene anali pa cloud bajeti inawathera pakati pa chaka. Forex yake muwapezera ndinu?

Wa Netiweki: Kodi ogwira ntchito alipo angati? Nanga domain (dzina la bungwe lanu pa intaneti) muli nayo, ili m'dzina la ndani? Popanda zimenezi tikungowombera m'mwamba.

Bambo a Junior: Ife zinatiwonekera. Mphenzi inalowera pa waya wa foni nthawi ya dzinja, seva n'kupserera, backup yake inali pa disiki ya mu seva momwemo. Mpaka lero akawuntanti sandipatsa moni.

Kamnyamata: Chotsani kaye makatoniwo, makoswe angayambe kuwerenga imelo za abwana 😂

Mkulu wa Linux: Bambo a Junior, imeneyo ndi mphwayi yanu, Linux yalakwa chiyani? Backup imakhala kwina. Ndipo wina asatchule Exchange (seva ya imelo ya Microsoft) pano, 2016 ndi 2019 Microsoft inasiya kuzisamalira mu October 2025.

Wa Netiweki: Palibe watchula Exchange, akulu. Wofunsa, kuika pulogalamu ndi ntchito ya tsiku limodzi, chovuta ndi chakuti makalata azifika. Funsani kampani yanu ya intaneti ngati ikupatsani static IP (adiresi ya pa intaneti yosasintha), ngati port 25 (khomo lodutsira imelo) ndi yotsegula, komanso ngati angakuikireni PTR record (yolumikiza adiresiyo ndi dzina la seva yanu). Kuyambira February 2024 Gmail imafuna SPF kapena DKIM (njira zotsimikizira kuti imelo yachokeradi kwa inu) kwa aliyense wotumiza. Muikenso DMARC, inzake ya zimenezi. Mukapanda kutero, malipoti anu azikathera mu spam.

Mayi wa ku Area 25: Ndipo seva ikagwa usiku wa Khirisimasi, adzuke ndani? Mwanayu ali yekha pa ofesipo.

Agogo a IT: Ana a masiku ano mumavomera ntchito musanaidziwe. Mukanawauza abwanawo kuti mwezi umodzi sukwana.

Wofunsa: Zikomo nonse. Agogo, abwanawo sauzidwa zochita, ngakhale alawansi yanga ya ku Mzuzu sanasainebe. Dell ija ili ndi RAM ya 8GB, ikwana?

Wa Netiweki: Ikwana anthu angati? Ndi zomwe ndikufunsa.

Mkulu wa Linux: Ikwana. Tsitsani Ubuntu Server usiku uno, mundipeze ku inbox.