Kuchonga funso la kuchulukitsa ma sequence awiri

Mphunzitsi wa ku Chelstone:
Aphunzitsi anzanga, ndikupempha nzeru zanu pa funso la masamu la real analysis (gawo la masamu loona za ma limit) limene ndikuchonga sabata ino. Funsolo likuti, ngati sequence (mndandanda wosatha wa manambala) aₙ ikupita ku a, kutanthauza kuti limit yake ndi a, ndipo bₙ ikupita ku b, onetsani kuti aₙbₙ ikupita ku ab. Ophunzira ambiri ayamba bwino polemba kuti |aₙbₙ − ab| ≤ |aₙ||bₙ − b| + |b||aₙ − a|, koma kenako, atatenga ε (nambala iliyonse yoposa ziro), asankha N woti n akaposa N, |aₙ − a| < ε/(2|b|). Kodi ndiwachotsere mamakisi pamenepa, kapena ndikukhwimitsa zinthu mopitirira muyeso?

Mphunzitsi wa ku Kabwata:
Bambo, achotsereni ndithu, chifukwa funsolo silinanene kuti b si ziro, ndipo b ikakhala ziro mwanayo wagawa ndi ziro osadziwa. Ine ndimawaphunzitsa kulemba ε/(2(|b| + 1)), vutolo n'kutheratu. Komabe chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi |aₙ| ija ya m'chigawo choyamba, popeza imasintha n akamasintha. Wophunzira ayenera kuonetsa kuti pali N₁ woti n akaposa N₁, |aₙ − a| < 1, motero |aₙ| < |a| + 1. Amene wangolemba kuti |aₙ| ≤ M osanena kumene M wachokera, walumpha pamene pagona umboni wonse.

Mphunzitsi wa ku Matero:
Ndikugwirizana nanu, mayi, ndipo ndingakonde kuti pobweza mapepala ophunzirawo aone ndi maso awo chifukwa chake malire a |aₙ| ndi ofunika. Tengani aₙ = 1/n, imene ikupita ku ziro. Mukaichulukitsa ndi (−1)ⁿ, zotsatira zake zikupitabe ku ziro ngakhale (−1)ⁿ ilibe limit, chifukwa sichoka pakati pa −1 ndi 1. Mukaichulukitsa ndi n mupeza 1 nthawi zonse, ndipo mukaichulukitsa ndi n² mupeza n, imene ikungokula osaima. Ana ambiri amaganiza kuti sequence yopita ku ziro imameza chilichonse, ndipo maganizo amenewa amawavutitsa kwambiri akafika pa ma series (kuphatikiza manambala onse a mu sequence).

Mphunzitsi wa ku Chelstone:
Zikomo kwambiri, aphunzitsi. Pa mamakisi 10 a funsoli, ndichotsa 1 kwa amene wagawa ndi |b|, ndipo ndichotsa 3 kwa amene sanaonetse malire a |aₙ|. Pali mtsikana mmodzi amene anapatula b = 0 n'kuilongosola payokha asanagawe ndi |b|, ndipo ndikuona kuti ameneyo ayenera kulandira onse.

Mphunzitsi wa ku Kabwata:
Alandire onse 10, bambo, chifukwa njira yake ndi yolondola ngakhale ndi yaitali. Chonde mutitumizire marking key yokonzedwayo Lachisanu lisanafike, kuti ife amene tikuchonga gulu lachiwiri tichonge mofanana.